Nambala ya Mayi a Bobini

Dzina lawo lenileni anthu a mumsewu uja analiiwala kalekale. Matelala ankangoti a Bobini, chifukwa munthu akabwera ndi makina osokera n'kuyamba kufotokoza matenda ake, iwo sankadikira kuti amalize. Ankangoti, "Tiyambe taona bobini." Ndipo kawirikawiri vuto linkapezekadi komweko, pa kachitsulo kozungulira kamene kamasunga ulusi wapansi.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi, pakati pa wodula makiyi ndi sitolo ya penti. Kukhoma kunali mashelefu odzaza mitu ya makina akale, ina yopanda lamba, ina yopanda gudumu, yonse yodikira tsiku limene chitsulo chake chidzafunike pa makina ena. Pa tebulo panali nyale, kabotolo ka mafuta, mswachi umene unasiya kale ntchito ya m'kamwa, ndi masukuludiraiva oyalidwa kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Pafupi ndi chitseko panali mpando ndi makina opalasa ndi mapazi. Amenewo anali a akazi awo.

Ntchito anagawana chonchi: bambo manja, mayi pakamwa. A Bobini sanali munthu wolankhula. Ena ankawayesa aukali, koma sunali ukali ayi, mawu okha ndiwo ankawavuta kutuluka. Mayi ndiwo ankalandira anthu, kuyankha foni, kufunsa za ana, ndi kukalipira telala aliyense wothira mafuta ophikira m'makina. Makina akakonzedwa, mayi ankakhala pansi, kutenga kansalu kotsala n'kusoka mzere umodzi wowongoka, kenako kutembenuza kansaluko kuti aone kunsi. Akati "apite," makinawo ankapita kwa mwini wake. Akangokhala chete n'kubweza kansaluko pa tebulo, a Bobini ankatolanso sukuludiraiva osafunsa kanthu.

Za intaneti anabwera nazo ndi mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo mmodzi yekhayo. Iyeyu amagwira ntchito pa kampani yogulitsa matayala, ku mbali yotsatsa malonda. Tsiku lina anaima pamsewu, anajambula shopuyo ndi foni, n'kuiika pa mapu a pa intaneti pamodzi ndi dzina lake ndi nthawi yotsegulira. Atafunsa nambala yoti alembepo, a Bobini anangoloza akazi awo ndi chibwano. Motero nambala imene inalembedwa inali ya mayi. Palibe anaganizapo kawiri. Woyankha foni anali iwowo.

Zinathandizadi, chilungamo chinenedwe. Matelala akale njira ankaidziwa, koma akalewo ankatha, ena kukalamba, ena kusamuka. Atsopanowa safunsa munthu njira. Amalemba pa foni kuti akufuna wokonza makina osokera pafupi, foniyo n'kuwauza kopita. Kwa zaka zingapo inkawauza kuti apite kwa a Bobini.

Kenako mayi anadwala, ndipo matendawo sanachedwe nawo. A Bobini anatseka shopu. Maliro atatha sanatsegule msanga. Ankadzuka m'mawa, kusamba, kuvala, kufika pa chitseko cha nyumba n'kubwerera. Foni ya mayi anaizimitsa, anaiika m'dirowa pamodzi ndi magalasi awo ndi tepi yoyezera, ndipo sanaiyatsenso.

Tsiku limene anatsegula, anapukuta fumbi, anayala masukuludiraiva, n'kukhala pansi. Sabata yoyamba kunabwera telala mmodzi wakale, kudzapepesa, osati kudzakonzetsa. Kenako kunangoti zii. A Bobini anaganiza kuti anthu akuwapatsa ulemu, akuopa kuvutitsa munthu woferedwa. Mwezi unatha, unzake unatha. Iwo anayamba kutsitsa mitu ya makina ya m'mashelefu ija, kuimasula, kuitsuka ndi kuimanganso, kuti manja asaume. Masana ankadya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki atayang'ana kukhoma, chifukwa kuyang'ana ku chitseko kunali kuyang'ana mpando wopanda munthu.

Wodula makiyi ndiye ankasuzumira nthawi zina.

"Achimwene, muli moyo m'menemo? Mwangoti duu ngati katundu wa m'sitolo."

"Ndilipo."

"Muzitsokomolako nthawi zina, ife tidziwe."

Amene anaulula nkhaniyi anali mayi wina amene anabwera kudzadulitsa kiyi. Ataona chitseko cha a Bobini chili chotsegula, anaima n'kugwira pakamwa.

"Ii, kodi mumatsegula? Ine makina anga ndinapita nawo kutali, ndasenza mpaka khosi kuuma. Foni inandiuza kuti kuno munatseka."

"Foni yake ya ndani?"

"Yangayi. Taonani nokha, bambo."

A Bobini anapukuta manja, anavala magalasi. Pa foniyo panali dzina la shopu yawo, ndipo pansi pake panali zilembo zofiira zonena kuti malowa anatsekedwa, sadzatsegulidwanso. Pamwamba panali chithunzi chija anajambula mkamwini. Iwo anali asanachionepo bwinobwino. Pakhomo pa shopu panaima akazi awo, tepi m'khosi, dzanja limodzi m'mwamba.

Anayang'ana mpaka foniyo inazima yokha. Mwini wake anachita kuitenga mwaulemu m'manja mwawo.

Loweruka mwana wawo anabwera ndi mwamuna wake. Mkamwini anakhala pa kampando kozungulira, anadinadina foni, n'kupukusa mutu.

"Zaoneka, bambo. Wina anabwera nthawi ya maliro ija, anapeza potseka, anaimba foni osayankhidwa, ndiye anadina ponena kuti shopu inatha. Mwina anabweranso wina n'kuvomereza. Basi, a mapu aja anakhulupirira."

"Osandifunsa ine mwini wake?"

Mkamwini anayang'ana mkazi wake kaye.

"Anafunsa, bambo. Uthenga wake unapita ku foni ya amayi."

A Bobini anasuntha sukuludiraiva mmodzi amene sanali pamalo olakwika.

Mkamwini anapitiriza kufotokoza, pakuti zimenezi ndiye ntchito yake. Anati munthu akasaka chinthu pa foni, pamwamba penipeni pamabwera amene alipira kuti aoneke. Pansi pawo pamabwera amene anthu amawatchula ndi kuwayamikira kawirikawiri. Wotsekedwa amakankhidwira kunsi, kumene chala cha munthu sichifika. Anawaonetsa. Pamwamba panali sitolo yaikulu yogulitsa makina atsopano, imene inalemba kuti imakonzanso akale. A Bobini ankaidziwa. Matelala ankati ukapita nawo makina kumeneko amakuuza kuti anafa, ugule ena.

Chinthu chimene sichinapondepo pakhomo pa munthu chinali kuuza tauni yonse kuti munthuyo anatha, iye ali m'kati akumwa tiyi. Ndipo tauni yonse inamvera.

"Ndiye uwauze kuti ndilipo," anatero a Bobini.

"Kuti ndilowe n'kukonza, amatumiza manambala achinsinsi ku foni imene inalembedwa ija."

Mwana wawo anathamangira kunyumba, anakatenga foni m'dirowa muja. Anaitchaja, inayaka, koma layini inali itafa. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina. Nambala ya mayi inali ndi mwini watsopano.

"Musadandaule, bambo, njira yachidule ilipo," anatero mkamwini. "Titsegula tsamba latsopano, dzina latsopano. Zithunzi nditenga pa intaneti, za shopu yowala bwino. Anzanga a kuntchito alembapo mawu oyamikira. Sabata isanathe mukhala mukuoneka."

"Anzakowo anakonzetsapo makina kuno?"

"Ayi, koma aliyense amatero."

"Chithunzi cha shopu ya eni ake. Munthu akafika pano apeza chiyani?"

"Apeza inu, bambo. Chofunika n'chimenecho."

"Apeza wabodza. Nanga tsamba lakalelo?"

"Litsala choncho."

"Lotsekedwa."

"Ee."

"Ndiye apongozi ako atsale ataima pakhomo pa shopu yotsekedwa, ine ndisamukire m'chithunzi cha eni?"

Mkamwini sanali munthu woipa. Kuntchito kwake zinthu zimayenda choncho, ndipo iye anazolowera mpaka kuleka kuziona.

Apa mwana wawo anayandikira, anagwira phewa la bambo ake.

"Bambo, mwina nthawi yake yakwana. Chipinda chakuseri chija ndachotsamo kale masutikesi. Muzikhala muno tsiku lonse mukudikira ndani? Mungadwale ife osadziwa. Zikapitirira chonchi, titseke, mubwere kwathu."

Ananena mwachikondi, ndipo a Bobini anadziwa kuti sakunama. Koma chipindacho ankachidziwanso. Zenera lake linayang'ana mpanda wa njerwa. Munali malo a bedi ndi mpando, koma osati a tebulo. Kumeneko akanakhala munthu wopatsidwa chakudya pa nthawi yake, wofunsidwa ngati wamwa mankhwala, manja ali pa mawondo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndipo makina opalasa aja akanapita kuti?

"Yatsala njira imodzi," anatero mkamwini motsitsa mawu. "Kuimbira mwini nambalayo, timupemphe atiwerengere manambala akafika. Ndiimbe?"

"Ayi. Ndiimba ndekha."

Kunena kunali kosavuta. Nambalayo inali m'foni mwawo, ndipo amene anailemba anali mayi eni ake, tsiku limene foniyo inagulidwa. Pa dzina analembapo kuti Bwana Wanga, n'kuseka mpaka misozi. A Bobini sanadziwe kusintha kwake, ndipo pambuyo pake sanafunenso. Tsopano ankatulutsa foni, kuliyang'ana dzinalo, n'kuibweza m'thumba. Masiku anapita choncho. Tsiku lina masana, wodula makiyi atayatsa makina ake aphokoso, iwo anadina.

Inaitana. Kumbali inayo kunamveka wailesi, kuseka kwa azimayi, ndi chowumitsira tsitsi.

"Halo? Ngati ndi za makina osokera, ndatopa nazo! Ino ndi saluni. Timaluka tsitsi, sitisoka."



"Pepani, mayi. Wa makina osokerayo ndine."

"Ehe! Ndinu inu? Ndakhala ndikukufunani. Anthu anu andisowetsa mtendere. Ndili pakati poluka, manja onse ali m'mutu mwa munthu, foni ngrii, ati singano ikuthyoka. Ine ndi singano wapi na wapi?"

Iwo anafotokoza, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati misomali yadzimbiri. Anati nambalayo inali ya akazi awo, akaziwo anamwalira, shopu inalembedwa kuti inatsekedwa, ndipo mkamwini wawo akaitanitsa manambala achinsinsi n'kubwera ku foniyo, akupempha kuti awawerengere.

Mayi wa ku saluni anaseka, kuseka kosakondwa.

"Aa, madala, mwakula nazo zimenezi? Tsiku ndi tsiku amatichenjeza kuti manambala amenewo osapatsa munthu. Dzana wina anati ndawina galimoto. Lero inu mwabwera ndi maliro. Mawa abwera ndi chiyani?"

"Mwachita bwino kukana," anatero a Bobini. "Nanenso ndikanakana."

"Ndiye mukufunanso chiyani?"

"Palibe. Kungoti mukapeza mpata, musake dzina la shopuyi, muone chithunzi. Mayi aima pakhomowo ndiwo anali eni ake nambala muli nayoyo."

Anatchula dzina la shopu. Foni inadulidwa.

Sanauze mwana wawo. Anapitiriza kutsegula m'mawa ndi kutseka madzulo. Koma anayamba kuyang'ana mashelefu ndi diso lina, kuganiza kuti mutu uwu angapatse ndani, uwo angagulitse kwa a zitsulo. Tsiku lina anafika poyeza makina opalasa aja ndi dzanja, kuti aone ngati angalowe pakati pa bedi ndi khoma m'chipinda chakuseri chija. Sakanalowa.

Linali Lachitatu, dzuwa litapendeka, pamene foni inalira pa tebulo pakati pa masukuludiraiva. A Bobini anasuzumira. Panalembedwa kuti Bwana Wanga.

Ankadziwa bwino lomwe kuti woimbayo ndani. Sanali mwana. Komabe anangoima, mafuta ali m'zala, akuyang'ana zilembo zikuwala ndi kachifoni kakunjenjemera pa thabwa. Inatsala pang'ono kuduka pamene anaitola.

"Ndine wa ku saluni uja. Chithunzi chanu ndachiona. Koma chithunzi aliyense angachione, wakuba nayenso ali ndi maso. Tandiuzani, mayiwa akupereka moni kwa ndani?"

"Sakupereka moni."

"Dzanja lili m'mwambali?"

"Akukalipira wojambulayo. Anawajambula osawauza. Koma sakanatsegula pakamwa chifukwa analuma mapini. Ankapinda diresi ya munthu."

Kenako mawu anamveka chapatali, mayiyo akuitana mnzake kuti adzaone.

"Ii, alipodi mapini! Ine ndimayesa akumwetulira."

"Pa chithunzi sankamwetulira. Ankati mano ndi odyera. Muonenso kumapazi. Nsapato ili imodzi. Popalasa makina ankavula ya kumanja, ati nsapato imawabisira mawu a makina."

Mayi wa ku saluni anaseka, ulendo uno kuseka kwenikweni, kenako anasiya.

"Mukudziwa, madala, anthu anu akaimba sanena za inu. Amati tikufuna mayi aja. Wina anandikalipira kuti ndinaba foni ya mayi, ndibweze msanga. Ine kumuuza kuti layini ndinagula ndekha, iye osamva."

"Ankawakonda."

"Zikuoneka. Chabwino. Muwauze akamwini anuwo atumize zinthu zawozo Loweruka m'mawa, ndisanayambe mutu woyamba. Koma mukandibera, ndibwera komweko ndi lumo. Malo ndawaona pa mapu."

Loweruka mkamwini anabwera m'mawa. Anadina, manambala anapita, mayi wa ku saluni anawerenga mofuula ngati akuitana basi. Tsamba linatseguka.

"Basi, makasitomala anu andisiye tsopano," anatero mayiyo. "Muzikhala bwino, madala. Muzidya."

Mkamwini anachotsa mawu onena za kutsekedwa aja. Kenako anafika pa nambala. A Bobini anaima kumbuyo kwake, magalasi pamphuno, n'kuona chala chikufufuta nambala ya akazi awo kuyambira kumapeto, imodzi ndi imodzi, mpaka malowo anayera. Pamenepo panalowa yawo. Zimenezi ndiye ankazifuna, ndipo anachita kuzipempha okha. Koma anatembenuka n'kukayang'ana m'shelefu chinthu chimene sanachifune.

"Pofotokoza ntchito tilembe chiyani, bambo? Akatswiri odziwika m'tauni yonse?"

"Tauni yonse imayesa ndinafa. Lemba kuti timakonza makina osokera, tatsegula."

Mkamwini analemba. A Bobini anawerenga, milomo ikuyenda.

"Konza pamenepo. Lemba kuti ndimakonza."

"Nanga chithunzi? Ndijambule chatsopano, inu mutaima pakhomo?"

"Chisiye."

Zilembo zofiira sizinachoke tsiku lomwelo. Zinatenga masiku, ndipo zitachoka shopu sinakwere pamwamba. Pamwamba panakhalabe olipira aja, ndi zithunzi zawo zowala. A Bobini anali pansi pawo, poti munthu afikepo ayenera kutsitsa ndi chala. Ambiri satsitsa. Ena amatsitsa.

Woyamba kuimba anali mayi wosoka mayunifolomu a sukulu. Anati makina ake akudumpha, ulusi ukuunjikana kunsi.

"Bweretsani," anatero a Bobini, n'kutsala pang'ono kudula. Kenako anakumbukira kuti foni sinkayankhidwa choncho m'shopu muno. Anakhosomola. "Kaya kunyumba kuli bwanji? Ana?"

"Ali bwino, bambo," anayankha mayiyo modabwa. "Kodi mumandidziwa?"

"Ayi."

Makinawo anabwera, ndipo patapita masiku kunabweranso ena. Sanali ambiri ngati kale. Mwana wawo atadzabwera anapeza mitu ya makina ili pansi pafupi ndi tebulo, uliwonse ndi kansalu kake komangirira pa gudumu kuti eni ake asasokonezeke. Anaiyang'ana, anayang'ana bambo ake, anatsuka fulasiki n'kuthiramo tiyi wina. Za chipinda chakuseri sanatchule.

Nambala ija a Bobini sanaiimbenso. Chifukwa choimbira panalibe. Dzina lake m'foni analisiya momwemo.

Makina a mayi wa mayunifolomu vuto lake linali pa bobini. Anawamasula, anachotsa ulusi ndi fumbi ndi mswachi uja, anadontheza mafuta, n'kumanganso. Atatha anaima kanthawi, chifukwa apa ndi pamene ntchito inkachoka m'manja mwawo. Kenako ananyamula mutuwo, anauika pa tebulo la makina opalasa, anakoleka lamba, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko uja. Unali wamfupi kwa iwo, mawondo anagunda thabwa. Anatenga kansalu kotsala n'kupalasa.

Mzere unatuluka wokhota. Kukonza makina ndi kusoka ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyi sanaiphunzire, poti woidziwa analipo. Anatembenuza kansaluko. Kunsi kunali koyera, ulusi wagona bwino, popanda podumpha.

Anakagwira kansaluko m'manja, akudikira. M'shopu munali zii. Panja galimoto inadutsa.

"Apite," anatero okha.

Wodula makiyi anasuzumira pakhomo, kiyi ali m'manja.

"Mwatsokomola, achimwene?"

"Ee," anatero a Bobini, n'kuyamba kumasula lamba.